Tiyi Wotsala M'kapu ya Sabitra

Ndikuuzeni za mnzanga Sabitra, chifukwa ndikapitiriza kukhala chete ndiphulika!

Zinayambira pamalo odikirira basi kuno ku Pokhara, mvula ikugwa. Buku la nthano limene tikuwerenga pa phunziro la Chingerezi linamupulumuka n'kugwera m'matope. Anamutolera ndani? Nirajan Paudel, mnyamata wa m'kalasi mwathu uja amalankhula Chingerezi ngati wailesi.

"Iwe, buku silisamba," anatero akulipukuta ndi tayi yake. "Wafika pati?"

"Pamene mtsikana uja wasintha dzina kuti anzake asadziwe kwawo."

"Wamantha ameneyo. Ine sindingabise munthu amene ndimamukonda."

Basi, mtima wa mnzanga unapita pomwepo!

Mauthenga anayamba kugwa pafoni. "Duwa langa, wadya?" "Ukaseka ndimaiwala kuti kuli mayeso." Ambiri Sabitra ankandionetsa, ena ndinkawerenga ndekha iye akatembenuka.

"Sabitra, tsegula maso," ndinamuuza. "Iwe ndiwe Pariyar, mtundu umene amati ndi wapansi, iye ndi Paudel, wapamwamba. Kunyumba ngati kwawoko anthu a mtundu wanu amamwera tiyi pakhonde, kapu n'kutsuka okha, ati chimene mwakhudza chadetsedwa. Waiwala?"

Sabitra atamufunsa Nirajan, yankho linabwera msangamsanga: "Zimenezo ndi zachikale, wapamtima. Amayi ndinawauza kale zonse za iwe. Dzina lako ndidzalitchula paliponse."

M'kalasi ndiye anatimaliza. Madamu Gurung atafunsa maganizo athu pa mtsikana wa m'bukumo, Nirajan anaimirira, dzanja pachifuwa: "Wobisa dzina la kwawo wadzikwirira ali moyo!" Tonse m'manja phuphuphu! Chimangirizo chimene analemba pa nkhaniyi Madamu anachimata pakhoma. Ndani sakanakhulupirira?

Loweruka Nirajan anatiitana kwawo kuti tikawerengere limodzi. Ine ndinapita ngati woperekeza, koma kunena zoona ndinkafuna kudzionera ndekha.

Amayi ake anatilowetsa mpaka m'khitchini! Sabitra ananditsina ndi chisangalalo. Mayiwo anatipatsa tiyi m'makapu a maluwa, a alendo enieni aja.

"Imwa, mwanangu," anatero mayiwo akumusisita tsitsi. "Inu ndinu a Adhikari a mbali iti? Nirajan akuti bambo ako ali ndi sitolo ya nsalu."

Adhikari, dzina la mtundu wapamwamba? Sitolo? Ine tiyi anandikwera m'mphuno.

Sabitra anayang'ana Nirajan. Iye maso ali m'kapu, anangonong'ona: "Ingovomera, ndikufotokozera."

"Ayi, Mayi," anatero mnzanga. "Ndine Sabitra Pariyar. Bambo anga ndi telala."



Dzanja lija linachoka m'tsitsi. Mayiwo sanakalipe ayi. Anangokokera mtsuko wawo wa madzi kukhoma, maso ali pa kapu ija ngati yagweramo mphemvu.

Sabitra ananyamuka ndi kapu yake kupita pampope panja. Nirajan anamuthamangira, ine pambuyo.

"Duwa langa, usatero! Ndimafuna akuzolowere kaye. Ndimakukonda, ndikulumbira!"

"Unandisintha dzina osandiuza n'komwe?"

"Kwa kanthawi chabe! Ukuwadziwa makolo mmene alili."

Mnzanga anayang'ana m'kapu. Munali mutatsala tiyi pang'ono. Anamutambasulira kapuyo.

"Chabwino. Malizitsa tiyi uyu, amayi ako akuona."

Mayiwo anali ataima pakhomo. Nirajan anayang'ana kapu, anayang'ana amayi ake, kenako manja onse analowa m'matumba. Ha! Wolimba mtima wa m'kalasi uja anali kuti? Chingerezi chonse chija chinathawira kuti?

Sabitra anataya tiyiyo, anatsuka kapu bwinobwino, n'kuivundikira pamwala. Misozi anaigwira mpaka pamsewu. Kumeneko ndiye analira, chovala cha aliyense chikanakhala pafupi chikananyowa, koma imene inanyowa ndi bulauzi yanga yatsopano.

Mauthenga sanasiye. "Pepa, mtima wanga." "Undipatse nthawi." Nthawi yoti atani nayo? Sabitra sanayankhe ngakhale umodzi.

Chondipsetsa mtima kwambiri, Lolemba Madamu, osadziwa kanthu, anauza Nirajan kuti atiwerengerenso chimangirizo chija kuti tonse titengerepo chitsanzo. Anawerenga mawu ali pansipansi, thukuta kamukamu.

"Pali woonjezera?" anafunsa Madamu.

Sabitra, amene chaka chonse sanaimikepo mkono, anaimirira.

"Madamu, mtsikana wa m'bukumo timusiye. Iye bola, anabisa dzina lake lomwe. Ena amabisa la eni ake."