Mayi Wofulatira wa mu Gemu

Madzulo amenewo anali ngati ena onse, kungoti msonkhano unatalika. Ofesi yawo inali kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala. Fani inkazungulira ikukhosomola, tiyi atazizira kalekale m'makapu. Ntchito yawo inali yopanga magemu a pakompyuta, ndipo gemu imene ankalimbana nayo inali ya nyumba yachifumu yakale, yodzaza zithunzi m'makoma. Wosewera ankayenera kudzutsa chithunzi chimodzi kuti munthu wa m'chithunzimo amusonyeze njira. Funso linatsala limodzi basi: kodi chithunzi chimadzuka bwanji?

Wolemba malamulo a gemuyo anzake ankamutcha Loya, poti sankalola kanthu kudutsa popanda chifukwa. Wina anati wosewera apeze utoto wamatsenga. Loya anati zimenezo ngakhale mwana wa mkaka angaziganize. Wina anati auzire mpweya pachithunzipo. Wina anati adonthezerepo magazi a chala. Winanso anati ajambule maso pomalizira, akangoika kadontho ka m'diso, chithunzi chiphethire. Loya ankangopukusa mutu. Ankati chithunzi chiyenera kukhala ndi chimene chachisowetsa mtendere, osati kungodzambatuka ngati munthu wolumidwa ndi nsikidzi.

Wojambula wawo anali mtsikana wina wofatsa, dzina lake la pantchito Bulashi. Dzanja anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa. Asilikali, zinjoka, ana, nkhalamba zandevu, onse ankawapatsa nkhope zoti ukhoza kuwapatsa moni. Koma akati ajambule mayi wachikulire, ayi ndithu, ankamujambula atafulatira. Anzake ankamuseka kuti azimayi onse a Bulashi anakwiya ndi kampani. Iye ankaseka nawo.

Chifukwa chake sankachinena. Mayi ake anamwalira iye akukwawa. Kunyumba kunali chithunzi chawo chimodzi chokha, ndipo amene anajambulayo, kaya anali ndani, anawajambula chakumbuyo akuyanika zovala: diresi yabuluu ya madontho oyera, beseni m'chiuno, tsitsi lomangidwa. Achemwali ake, amene anamulera, akafunsidwa ankangoti amayi anali okongola. Mphuno? Mphuno ngati mphuno. Maso? Awiri. Tsiku lina atatopa ndi mafunso anamuuza kuti, "Iwe unatengera abambo, ine ndinatengera abambo. Amayi anapita ndi nkhope yawo." Mawu amenewo ankamupweteka Bulashi mpaka ukulu wake. Sankafuna zambiri pa dziko lino. Ankafuna kuiona nkhope imeneyo kamodzi kokha.

Msonkhano unatha wopanda mutu. Anthu anatsika masitepe akudandaula njala. Loya anali pakhomo, chikwama paphewa, pamene Bulashi anayang'ananso pepala limene linali patebulo pake. Anali mayi wa m'chithunzi chofunika kudzutsidwa mu gemu chija, wofulatira monga mwa nthawi zonse. Ndipo kunena zoona, diresi yake inali yabuluu ya madontho oyera.

"Bwanji wosewera ajambule galasi kutsogolo kwa mayiyu," anatero Bulashi, "koma alisiye lopanda kanthu?"

Loya anatembenuka. Anafunsa kuti ndiye zitani.

"Galasi silikhala lopanda kanthu munthu ataima patsogolo pake. Chithunzicho chisowa mtendere. Nkhope iyenera ipezeke basi."

Loya anatsitsa chikwama. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sanapukuse mutu. Anati nzeru imeneyo ndi yapamwamba, koma poti ndi Loya anapezabe pobowola: mu gemu chilichonse chimachokera penapake, nanga nkhopeyo ichokera kuti? Bulashi anati aziona mawa. Loya anatsika akuimba mluzu.

Munthu wanzeru akanatseka mawindo n'kumapita. Koma Bulashi chidwi chinali chitamugwira pakhosi. Anasongola pensulo. Kutsogolo kwa mayi uja anajambula galasi lalitali, la felemu yamatabwa, lopendekeka pang'ono kuti likanakhala lenileni likanaonetsa nkhope yonse. M'kati mwake anafufutamo ndi labala mpaka munayera mbee. Kenaka anakhala pansi, manja m'masaya, n'kumaliyang'ana. Anadziseka yekha. Munthu wamkulu, wa sukulu yake, kudikira pepala.

Kunja kunada. A matayala anakoka chitseko chawo chachitsulo, phokoso la magalimoto linayamba kuchepa. Bulashi anazimitsa fani.

Ndi pamene anamva madzi.

Dontho. Kenaka lina. Anapita kukaona mpopi wa kuchimbudzi, anapeza wouma gwaa. Anayang'ana kudenga, kunalibe podontha. Pobwerera patebulo anamva fungo la sopo wochapira, lija limamveka zovala zikangofinyidwa kumene. Mu ofesi imeneyo munalibe amene anachapamo ngakhale kansalu ka m'manja.

Anawerama papepala paja. M'galasi muja simunali moyeranso. Munali mbuu, ngati munthu wapumiramo. Anakhudza ndi chala. Chalacho chinanyowa.

Mantha anabwera, inde, koma anapeza chidwi chitakhala kale pampando. Bulashi anadikira. Anabweretsa nyale pafupi, anayang'ana chammbali, anayesa kupumirapo iye mwini. Palibe chinaoneka. Madzi aja analeka kudontha. Ataona kuti nthawi yapita ndipo achemwali ayamba kuimba foni, anasiya pepala patebulo, anakhoma chitseko, natsika.

Mabasi anali atatha. Anayamba kuyenda wapansi, njira yake ya masiku onse, yodutsa pakati pa mashopu otseka. Nyale za mumsewu zina zinkayaka, zina ayi. Galu wina anamuyang'ana n'kubwerera kukagona pansi pa ngolo.

Atakhota pa famase yogulitsa mankhwala anaona kuti sali yekha. Kutsogolo kwake kunali mayi, beseni m'chiuno, akuyenda mosafulumira. Bulashi anayamba wakondwa kuti wapeza woyenda naye. Mayiyo atadutsa pansi pa nyale, diresi inaoneka bwino. Yabuluu. Madontho oyera.

Madiresi otere ndi ambiri, anadziuza. Koma maso a wojambula sagona. Chakumunsi, mbali ya kumanzere, madontho anathera panjira, panatsala buluu yekhayekha. Bulashi anapadziwa pamenepo. Masana aja dzanja linatopa, n'kunena kuti adzamaliza mawa.

"Zikomo amayi," anaitana.

Mayiyo anangopitiriza kuyenda. Mapazi ake sankamveka. Chinkamveka ndi madzi okha, akudontha kuchoka m'beseni.

Bulashi anafulumira kuti amupitirire. Mayiyo sanathamange, koma mtunda wa pakati pawo sunachepe. Bulashi anawoloka msewu kuti amuone chammbali, aone tsaya lokha, kaya nsonga ya mphuno. Ali kutsidyako anaonabe msana. Anabwerera, anapita mbali inayo. Msana womwewo, tsitsi lomangidwa lomwelo. Apa m'pamene miyendo inayamba kumuuza kuti abwerere. Mtima unakana. Zaka zonsezi akufunsa za mphuno ndi maso, lero athawe?

Kumapeto kwa msewuwo kunali shopu ya mipando ndi makabati. Eni ake ankasiya nyale imodzi ikuyaka pawindo, ndipo pawindopo panali kabati ya zovala ya galasi lalitali. Mayi uja anaima pamenepo. Anatsitsa beseni pansi. Anaongoka, n'kuyang'ana m'galasimo, ngati munthu amene wafika pamene amapita.

Tsopano mtunda unachepa. Bulashi anayandikira pang'onopang'ono mpaka fungo la sopo linamudzaza m'mphuno. Anaima kumbuyo kwa phewa la mayiyo. Anakweza maso.

M'galasimo munali diresi, kutsogolo kwake tsopano, ndi mabatani amene iye sanawajambulepo. Munali khosi. Pamwamba pa khosi panali poyera mbee, ngati pepala.

Kenaka mzere unayamba. Wopyapyala, wa pensulo, wochokera kukhutu kutsikira kuchibwano. Unakwera mbali inayo osanjenjemera. Bulashi anaiwala kuopa, anangoti kukamwa yasa, chifukwa dzanja limene linkajambulalo linali la katswiri. Milomo inabwera. Mphuno. Iye ankameza mzere uliwonse, akudziuza kuti asaiwale, asaiwale. Nkhope yake yomwe inayamba kuzizira, ngati wina akumupukuta ndi nsalu yonyowa, koma analibe nazo ntchito. Zikope zinabwera. Nsidze. Pamwamba pa nsidze ya kumanja, pensulo ija inabwerera n'kuika kachipsera kakang'ono.

Kachipsera kameneko Bulashi anakapeza atagwa panjinga ali mwana.

Nyale ya pawindo inazima. Itayakanso, panalibe mayi, panalibe beseni. Pansi panali ponyowa basi.

Sanayang'anenso m'galasimo. Anauyamba wa kunyumba atakwiya, misozi ili m'maso. Kuyenda konseku, mantha onsewa, kudzaonetsedwa nkhope yake yomwe, imene amaiona m'mawa uliwonse akamatsuka mano! Anaona kuti wapusitsidwa, ndipo zinamuwawa kuposa mmene mantha anamuwawira.

Anafika pakhomo n'kugogoda. Achemwali anabwera akulalata kuchokera kuchipinda, kuti foni anagulira chiyani ngati sayankha, kuti tsiku lina adzagona panja aone. Loko inalira. Chitseko chinatseguka, kuwala kwa pabalaza kunamugwera Bulashi kumaso.

Mawu a achemwali anaduka. Makiyi anagwa. Achemwali anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda mpando, n'kukhala pansi osayang'ana pokhala.

"Amayi," anatero, ndi mawu a kamwana.

"Achemwali, ndine."

Mawuwo anali ake ndithu, a Bulashi. Achemwali anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Bulashi anakweza chala n'kupapasa pamwamba pa nsidze. Panali posalala.

Za masiku otsatira anthu amanena zambiri. Akuti m'mawa mwake Loya anapeza pepala lija patebulo, m'galasi muli nkhope ya Bulashi yojambulidwa bwino kwambiri, n'kuyamikira kuti mtsikanayu wadziposa. Akuti mpaka lero nkhopeyo ili mu gemu, ndipo osewera amaikonda. Oyandikana nawo nyumba ena amati wamng'ono uja anapita kunja, amene akukhala ndi mkulu wakeyo ndi wachibale. Koma agogo ena a nyumba ya kuseri, amene anakhalapo pamenepo kuyambira kale, atakumana naye pachingwe choyanikira zovala analowa m'nyumba n'kudzitsekera tsiku lonse. Akafunsidwa amangoti pali zinthu zina zosafunika kuzisiyira malo.

Koma usiku umenewo Bulashi sanaganize za ntchito, kapena za anthu, kapena za mmene adzalowere mu ofesi. Anadutsa achemwali ake akulira pampando paja, analowa kubafa, nayatsa nyale. Anaima pagalasi nthawi yaitali. Anatembenuzira mutu uku, anautembenuzira uko. Mphuno inali yaifupi, yotambalala pang'ono. Maso anali aakulu, otsika m'mbali ngati a munthu wozolowera kuseka. Anayesa kumwetulira, ndipo patsaya la kumanzere panabooka kadzenje kamene palibe anamuuzapo.

"Kani munali chonchi," anatero.