Nkhwazi ya kwa Kaphuka

Sungeni ndi mtsikana wa kwa Kaphuka. Sungeni sakhazikika. Akamadya, miyendo imagwedera. Akamapemphera, miyendo imagwederabe.

Lamulungu, a Jenifa, aphunzitsi a ana kutchalitchi, anabwera ndi chithunzi.

"Iyi ndi nkhwazi, mbalame ya dziko lathu," anatero. "Tidzachita sewero. Nkhwazi adzakhala Sungeni."

Sungeni anadumpha ndi chimwemwe. Koma kwa Kaphuka kulibe nyanja. Nkhwazi yamoyo anali asanaionepo. Iye ankadziwa kabawi basi, mbalame yogwira anapiye.

Atafika kunyumba, anatenga thumba lakale la mbatata. Analidula pakati. Anapanga mapiko awiri.

Anathamanga pabwalo. Anathamanga kuseri kwa khola. Kenako anaona nkhuku ya Gervazio, mlongo wake wamng'ono. Nkhukuyo inali ndi anapiye.

"Ndine nkhwazi!" anakuwa Sungeni.

Anailumphira ngati kabawi. Anapiye onse balala!

Nkhuku inaitana ana ake. Onse anabwerera. Koma kamwanapiye kakuda sikanabwere.

Gervazio analira. "Kanga kakuda kaja! Wakathamangitsa ndiwe!"

Dzuwa linali litapendeka. Mphepo yozizira inayamba kutsika m'phiri. Mwanapiye akagona panja, amafa ndi chisanu.

Sungeni anachita mantha. Anathamangira kunkhokwe. Kulibe. Anathamangira kukhola la mbuzi. Kulibe. Anathamangira kudzala. Kulibenso.

Bambo ake, a Misheck, anafika kuchokera kumunda. Iwo anakhalapo kunyanja kale. Gervazio anawauza zonse.

"Iwe Sungeni," anatero bambo, "ndi nkhwazi iti imathamanga chonchi?"

"Nanga imatani, ababa?"

"Sigwira anapiye a eni ake. Imakhala pamtengo phee. Imayang'ana. Imadikira. Mulungu amaipatsa nsomba pa nthawi yake."

"Koma ababa, miyendo yanga imakana!"

"Iuze idikire, mwana wanga. Pempha kwa Mulungu. Ukatero, umvetsere."

Sungeni anavula mapiko. Anakhala pamwala. Anatsinzina.

"Ambuye, ndalakwa," ananong'ona. "Ndithandizeni."

Anadikira. Miyendo inayabwa. Nyerere inakwera pachala. Mphuno nayo inayabwa. Kudikira n'kowawa, anthuni! Koma Sungeni sanasunthe.

Anadikirabe.

"Tsiyo."

Sungeni anatchera khutu.

"Tsiyo, tsiyo."

Mawuwo ankachokera m'munda wa mbatata. Sungeni sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono. Anatukula masamba pang'onopang'ono. Kamwanapiye kakuda kanali pomwepo, kakunjenjemera.

Sungeni anakanyamula ndi manja awiri. Anakauzira mpweya wofunda. Anakaika pansi pa phiko la make. Nkhuku inakafungatira.

Mtima wa Sungeni unakhala pansi. Koma Gervazio anali atakwinyabe nkhope.

"Pepa, Gervazio," anatero Sungeni. "Ndinakulakwira. Undikhululukire."

Gervazio anasuzumira pansi pa nkhuku. Anaona kamutu kakuda. Anapukuta misozi.

"Ndakukhululukira," anatero. "Koma anapiye anga uwasiye. Ukafuna chogwira, uzigwira ine. Nsomba ndikhala ine!"

Pomwepo anagona pansi. Anayamba kusambira m'fumbi.

Bambo anaseka mpaka khasu linagwa. Sungeni anagwira nsomba yake ndi manja awiri, ndipo anaikumbatira.