Njinga Yosatopa ya Avelino

Avelino ananyamuka pa Chiponde itadutsa 10 koloko usiku, batire la njinga litangodzaza. Foni inali italira kanayi. Ankaimba ndi apongozi ake: mkazi wake Zena matenda amuyamba masiku asanakwane, magazi akutayika, ndipo m'mudzi monse njinga yoti n'kumuthamangitsira kuchipatala inali yake yokhayo.

Inali njinga wamba ya kabaza, koma anaimangirira mota pagudumu lakumbuyo, batire pakati, ndi kabatani kamene wogulitsa ankati kuluzi. Ukafika pa liwiro limene ukufuna umangokadina, njinga n'kumathamanga yokha, ndipo ukagwira buleki imamasula. Avelino ankanyada nako monyansa. Ankapitirira anzake pachitunda manja ali m'thumba, n'kumawafunsa ngati miyendo yawoyo ndi yobwereka.

Atawoloka mlatho wamatabwa anadina kuluzi. Pachitunda cha pafupi ndi manda, nyali inaunika bambo wina atakhala m'mbali mwa msewu, atavala mkanjo, dzanja lina lili pamimba. Bamboyo anakweza dzanja linalo. Avelino sanaime. Aimirenji?

Keliyala inalira. Njinga inalemera kumbuyo, koma liwiro silinatsike. Kenako manja awiri ozizira anamugwira m'chiuno...

"Lero miyendo sikutopa, eti?" anatero mawu kukhutu kwake.

Anagwira buleki. Palibe. Anadina batani. Palibe. Anapotokola kiyi, nyali ya batire inazima, koma mota inkangong'ung'udza. Anafuna kudziponya pansi. Manja aja anamufinya mpaka nthiti kulira.

Mudzi wake unatulukira. Apongozi anali ataima pamsewu ndi tochi. Zena anali atamutulutsa kale, atagona pamphasa m'mbali mwa msewu, atamufunditsa chitenje. Anadzutsa mutu atamva kulira kwa mota.

"A Avelino! Kuno!" anakuwa apongozi.

"Sikuima! Mayi, sikuima!"

Anadutsa pafupi zedi, moti fumbi linamuwaza mkazi wake kumaso. Tochi ija inamutsata kumsana mpaka pokhota.

"Bambo, chonde," analira Avelino, misozi ikuuluka ndi mphepo. "Mkazi wanga akufa. Tsikani pano, ndibweranso kudzakutengani."

"Munateronso tsiku lija."

Mchenga, miyala, midzi yogona, agalu... njinga osasintha liwiro. Inakaima yokha pageti la chipatala, makilomita khumi ndi asanu ndi atatu kuchokera kwawo, batire litatheratu.

Bamboyo anatsika pang'onopang'ono, atagwirabe pamimba. Anatembenuka pansi pa babu lapageti.

"Asante. Zaka zisanu ndi chimodzi, koma mwandifikitsa."

Che Dinala! Telala wa pafupi ndi mzikiti! Avelino anawanyamula tsiku lina madzulo kupita nawo kuchipatala m'mimba mukuwapotokola, njinga idakali yopalasa. Atafika pachitunda chija anawatsitsa, nati miyendo yatopa, akukaitana mnzake. Sanaitane munthu. Anakakhala pa vidiyo kuonera mpira, ndipo anaseka mpaka kuiwala. Amayi opita kunkhuni ndiwo anawapeza m'mawa atauma, ndipo Avelino anapita nawo kumanda ngati sakudziwa kanthu.

Pamene ankaphethira, pageti panalibe munthu.

Anatembenuza njinga n'kuyamba kupalasa. Mota ndi batire zimene ankanyadira zija tsopano zinali katundu chabe, ndipo asanamalize kilomita imodzi miyendo inali itatopa kale. Foni inalira. Anali apongozi, ndipo sankalira n'komwe.

"Mayi, ndikubwera. Pali munthu anandigwira kumbuyo, njinga inakana..."

"Munthu wake uti? Tonse takuonani, bambo. Munali nokha. Musathamange. Zena watisiya maso ali kumene munalowera."