Nsalu Yotchinga Milungu

Nthawi ya 7:15 m'mawa, mtembo wa bambo Devan unapezeka uli chafufumimba m'kachipinda kopempherera ka m'nyumba yawo ku Al Thumama, mutu utaphwanyidwa ndi nyale yamkuwa. Apolisi anafikira kumanga Olive, wantchito wa m'nyumbamo. Pofuna womasulira anaitana Latifu, wakwawo kwa Olive, yemwe anafufuzapo milandu zaka makumi awiri ku Zomba asanabwere kudziko lakutalili kudzalondera hotela ku West Bay.

Latifu anaima pakhomo mutu utabalalika. Kukhoma kunali kanyumba kamatabwa kotchingidwa ndi nsalu yofiira. Ataisuntha anaphana maso ndi chiboliboli cha mutu wa njovu, chong'aluka chitamba, pambali pake china cha mayi wa manja anayi. Koma abale, ayambire pati?

"Achimwene, wallah, ndikulumbira, sindinawaphe ine!" Olive analira. "Muno sindilowamo. Maluwa ndimangosiya pakhomo."

"Nanga zidindo za zala zako zikutani panyale?"

"Ndimaitsuka kukhitchini. Ndithandizeni, ndifera kundende kuno."

Latifu anakayikira dalaivala wa malemu, koma kamera ya pageti inaonetsa kuti anatuluka 5:30 osabwereranso. Palibe chimene chinkagwirizana. Anabwereranso kwa Olive.

"Nsalu ija amatseka nthawi yanji?"

"Madzulo, ati milungu igone. Kukacha abwana amayamba atsegula, kenako n'kuliza belu."

"Lero belu linalira?"

"Linalira, cha m'ma sikisi."

Latifu anakanda m'mutu. Ndiye kuti nsalu inatsegulidwa. Nanga anaitsekanso ndani kunja kutayera? Wakuba sangadzivutitse nazo. Olive, mtsikana wakwaya ya kutchalitchi, sangachite manyazi ndi chiboliboli.

Pa 11:40 wapolisi wamkulu anamulola kufunsa Murali, mng'ono wa malemu, amene ankati nthawi yonseyo anali kubafa.

"Bambo Murali, zachipembedzo chanu sindizidziwa, mundiphunzitse. M'nyumba muja ndani angaope kuonedwa ndi milungu ija?"

Murali anazyolika.

"Wa mutu wa njovu uja ndi Ganesha. Anatisiyira mayi athu. Atang'aluka chitamba, achimwene anati wosweka sapembedzedwa, lero akam'miza m'nyanja monga mwa mwambo. Ndinawachonderera sabata yathunthu. Atandikankha ndinatola nyale n'kuwamenya nayo. Nditadzuka, Ganesha ankangondiyang'ana. Ndinatseka nsalu."

Olive anam'masula 2 koloko, akulirabe. Chiboliboli chija anachikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuchitsekera m'kabati ya zaumboni. Pokwera galimoto ya apolisi, Murali anatembenukira Latifu.

"Nanga mawa adzam'lizira belu ndani?"