Chipewa cha Likhweru

Chipewa chija ndinachiona. Kwa zaka makumi atatu ndakhala ndikunena kuti panalibe, koma ndinachiona, ndipo ndine ndinachichotsa.

Ndinali kapitawo pa fakitale ya sopo. Tinali ndi thanki yaikulu yosakanizira, ya mipeni itatu pansi pake. Lamulo lathu silinalembedwe paliponse: ukalowa kukapala m'thankimo, unkakoleka chipewa chako pa chogwirira choyatsira makina. Chipewa chikakhalapo, palibe wokhudza. Tsiku limenelo malole anali atafola panja, mwini fakitale akundikalipira. Pachogwirira panali chipewa cha mnzathu yemwe tinkamutcha Likhweru, chifukwa milomo yake sinkapuma. M'thanki munali zii. Ndinati wangochiiwala, wapita kokasuta. Sindinasuzumire. Ndinachichotsa n'kuyatsa. Mnzathuyo anali mkati.

Anthu asanafike, ndinachiponya m'ng'anjo. Ofufuza atabwera ndinawauza kuti mnzathuyo analowa osakoleka chipewa. Analemba choncho.

Fakitale inatsekedwa kalekale. Chaka chatha kunabwera anthu odzaisandutsa nyumba yoonetseramo zojambula ndi ziboliboli za masiku ano. Anandilemba ntchito yopenta, poti khoma lililonse ndimalidziwa. Makina ena onse anachotsa, koma thanki ija anaisiya pakati pa holo, n'kuboola khomo m'mbali mwake kuti alendo azilowa. Nthambo zake zamagetsi anadula ine ndikuona.

Woyang'anira ntchitoyo anali mayi wina, tinkangoti Amagalasi. Tsiku lina anandipatsa thabwa loti ndikhome pafupi ndi thanki. Panalembedwa kuti muno munafera wantchito chifukwa chosatsata lamulo la chipewa.

"Tazipeza m'mapepala akale," anatero. "Mwana wake wamkazi tamuitana Loweruka, tsiku lotsegulira. Malemuwa munkawadziwa, madala?"

"Pang'ono."

Lachinayi anzanga ataweruka, ndinatsalira kutsuka mabulashi. Dzuwa linali litangolowa. Thabwa lija linali chitsamire pakhoma, misomali ili m'thumba mwanga. Ndinayamba kumva fungo la sopo wotentha, m'holo momwe miyezi yonseyi munkangomveka penti.

Kenako kupala. Khwee. Khwee. Chitsulo pachitsulo, mosafulumira.

Ndinati mwina makoswe. Ndiye kunamveka likhweru. Kanyimbo kake komwe kaja, kokwera kumapeto.

Ndinatembenuka. Pachogwirira panali chipewa chobiriwira, chopserera m'mphepete. Masana omwewo ndinali nditapalapo dzimbiri ndekha, ndipo panalibe kanthu.

Khomo la thanki linali lotsegula, mkati muli bii. Kupala kunasiya, likhweru nalonso.

"Akapitawo."

Chitsekereni fakitale, palibe anandiitanapo choncho.

"Akapitawo, chilipo?"

Mawuwo sanali aukali. Ankafunsa momwe ankafunsira masiku onse akamva mapazi pafupi ndi makina.

Chogwirira chinayamba kutsika chokha, pang'onopang'ono. Pansi pa thanki chitsulo chinalira, chitsulo chomwe chinauma zaka zonsezi. Ndinathamanga ndi mawondo anga okalambawa n'kuchigwira ndi manja awiri. Chinkalemera ngati wina akuchikanikiza. Chipewa chinkandikhudza pachala, chili chofunda.

Sindinasiye. Kupala kunayambiranso, ndipo munthu uja anapala thanki yonse ine ndili chigwirire.

Amagalasi anandipeza m'mawa, manja ataumira pachitsulo. Mlonda anati sanamve kanthu, anangoona nkhalamba itaima mumdima, ndiye anaopa kulowa. Chipewa panalibe. Pachala panga pokha panali mwaye.

"Madala, mwagona muno? Nanga thabwa lija?"

"Silikhomedwa, mayi. Ndi labodza, ndipo bodzalo ndi langa."

Ndinawauza zonse. Anavula magalasi awo. Akalipentala ankanong'onezana kuti m'thankimo musalowenso munthu. Ena ankati fungo la penti landizunguza mutu. Sindinatsutse aliyense.

Loweruka mwana uja anabwera, mayi wamkulu tsopano, imvi zitayamba. Milomo yake ndi ya bambo ake. Alendo ankazungulira zithunzi, matambula ali m'manja, koma iye anaima pakhomo la thanki, maso ali mkati.

"Awa anali kapitawo wa bambo anu," anatero Amagalasi, n'kutisiya awiri.

"Amayi anamwalira akunenabe kuti bambo sakanaiwala chipewa," mayiyo anatero osandiyang'ana. "Anthu ankangowagwedezera mutu."

Ndinavula chipewa changa n'kuchikoleka pachogwirira.

"Sanaiwale, mayi. Anakoleka. Ndinachiona, ndinachichotsa, ndinayatsa, kenako ndinachitentha. Pepani."

Ndinaweramira mumdima wa m'thanki muja, n'kukweza mawu kuti amve bwino.

"Achimwene, chinalipo. Pepani."