Duwa la Mbatatesi pa Mapiko a Ndege

Cacilda anali ndi ndege yaing'ono. Anaipanga ndi bambo ake, a Romano. Thupi lake linali la phesi la chimanga. Mapiko ake anali a katoni. Inali ndi mapiko apamwamba ndi mapiko apansi, ngati ndege zankhondo zakalekale.

Cacilda ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti ndege yake ipachikidwe kudenga la sukulu pa Tsiku la Ana. Tsikulo linali mawa lake.

Nkhaniyi inayamba ndi aprofesora Paulina, aphunzitsi ake a ku Fonte Boa. Iwo anaonetsa ana buku la zithunzi za ndege zakale.

"Kuno ku Angónia kunalibe ndege zotere," anatero aprofesora. "Koma tiyerekeze kuti inalipo imodzi. Ikanapakidwa utoto wanji? Ikanakhala ndi chizindikiro chotani?"

"Chizindikiro n'chachiyani?" anafunsa Cacilda.

"N'choti anzako akuzindikire uli kumwamba. China chikhale kuphiko lamanja. China chikhale kuphiko lamanzere. Ziwirizo zifanane. Zikasiyana, ndegeyo sitiipachika."

Aprofesora anagawa utoto m'zitsekerero za mabotolo. Kusukulu utotowo amautcha tinta.

"Tinta yoyera ndi yochepa," anachenjeza. "Ikatha, yatha."

Cacilda anakhala pakhonde la kwawo. Kunja kunkazizira. Nkhungu inali isanachoke m'mapiri.

Pamwamba pa ndege anapaka utoto wobiriwira ndi wofiirira. Anapaka mizeremizere, ngati dimba. Kunsi anapaka utoto wotuwa, ngati nkhungu.

"Ababa, taonani," anatero. "Wa kumwamba aziyesa ndi munda. Wa pansi aziyesa ndi nkhungu."

A Romano anayang'ana. Anagwedeza mutu. Iwo sankayankhula zambiri.

Tsopano kunatsala chizindikiro. Cacilda anaviika nthenga mu utoto woyera. Zala zake zinali zozizira. Dzanja linanjenjemera. Kumanja anajambula chozungulira. Chinapindika. Kumanzere anajambula china. Chinakula kuposa choyamba. Utoto unayenderera.

Nthawi yomweyo Nércio anadutsa. Nércio anali wa m'kalasi mwake. Ananyamula ndege yake yofiira, ya nyenyezi ziwiri.

"Iwe Cacilda, amenewo ndi mazira?" anafunsa. "Lina la nkhuku, lina la njiwa?"

"Pita kwanu," anatero Cacilda.

"Ndege yako ikaikira, undisungireko limodzi." Nércio anapita akuseka.

Cacilda sanaseke. Anaphimba mazira aja ndi utoto wobiriwira. Kenako anasuzumira m'chitsekerero cha utoto woyera. Munatsala pang'ono. Munatsala pang'ono zedi. Akalakwitsanso, basi.

Anaika ndege padzuwa kuti iume. Dzuwa linatuluka. Dzuwa linabisala. Cacilda anakhudza phiko. Linali lisanaume. Anakhudzanso. Linali lisanaumebe.

A Romano anatenga makasu awiri.

"Tiye kudimba," anatero.

"Ababa, nthawi palibe."

"Utoto suuma ndi maso."

Cacilda anawatsatira, pakamwa atatupitsa.

Kudimba kunali mbatatesi. Mizere ina inali yokhwima. Mizere ina inali ndi maluwa. Maluwawo anali oyera, pakati pachikasu. Amayi a Cacilda, a Páscoa, ankawakonda maluwa amenewa. Iwo anamwalira Cacilda ali wamng'ono. Chiyambire pamenepo, a Romano sankatchula dzina lawo.

A Romano anayamba kukumba. Cacilda nayenso anayamba kukumba. Koma mtima wake unali pa ndege. Anamenya khasu pafupi ndi tsinde. Kha! Khasu linadula mbatatesi yaikulu pakati.

Cacilda anachita mantha. Mbatatesi yodulidwa sigulika kumsika wa ku Ulongwe. Anayang'ana bambo ake. Bambo ake anayang'ana mbatatesi. Kenako anapitiriza kukumba.

Cacilda anaika chidutswa chimodzi pamwala. Kenako anachinyamula. Pamwala panatsala chozungulira chonyowa.

Anachiikanso pambali. Anachinyamulanso. Panatsala chozungulira china.

Cacilda anagwada. Anayang'ana choyamba. Anayang'ana chachiwiri. Zinali zofanana. Panalibe dzira la nkhuku. Panalibe dzira la njiwa.

"Ababa, tabwerani," anaitana. "Mbatatesi sinjenjemera."

A Romano anabwera. Anayang'ana pamwala nthawi yaitali.

Cacilda anathyola duwa limodzi. Analigoneka pa chidutswa chija. Anatenga kamtengo. Anajambula m'mbali mwa duwa, nsonga zonse zisanu.

"Mundidulire apa," anatero. "Chizindikiro cha Angónia ndi ichi."

A Romano anatulutsa mpeni m'thumba. Anadula pang'onopang'ono. Anatsata mzere wa Cacilda. Pa mbatatesi panatuluka duwa.

Atafika kunyumba, dzuwa linali litapendeka. Cacilda anakhudza phiko. Linali litauma.

Anapukuta mbatatesi ndi kansalu. Anatenga nthenga. Anakokolola utoto woyera. Theka anapaka pa duwa. Theka anasiya.

"Ndiyese kaye papepala?" anafunsa.

A Romano anasuzumira m'chitsekerero. Anapukusa mutu. Utoto woyesera panalibe.

A Romano anaika dzanja kunsi kwa phiko lamanja. Cacilda anatsitsa mbatatesi. Anakanikiza.

"Usasunthe," anatero a Romano. "Werenga."

Cacilda anawerenga mpaka khumi. Kenako ananyamula. Paphiko panali duwa loyera.

Kunatsala phiko lamanzere. Cacilda anakokolola utoto wotsala. M'chitsekerero munauma gwa. Anapaka pa mbatatesi. Kenako anailozetsa kwa bambo ake.

"Ababa, dindani inuyo."

"Ndege n'njako."

"Nanga ndikalakwitsa?"

"Ndagwira phiko. Iwe gwira duwa."

Cacilda anapuma. Anatsitsa mbatatesi. Anakanikiza. Anawerenga mpaka khumi. Anaopa kunyamula. Anawerenganso mpaka khumi. Kenako ananyamula, maso atatsinzina.

"Tsegula," anatero a Romano.

Cacilda anatsegula maso. Kumanja kunali duwa. Kumanzere kunali duwa. Anaviika chala mu utoto wachikasu. Anadinda pakati pa duwa lililonse.

Anakumbukira zithunzi za m'buku lija. Ndege zina zinali ndi maina pambali.

"Ababa, ndegeyi ilibe dzina."

A Romano anayang'ana ndege. Kenako anathyola kaudzu. Anaviika mu utoto wachikasu. Analemba pambali pa ndege, chilembo chimodzichimodzi. Cacilda anawerenga chamumtima. Anangowatsamira paphewa.

M'mawa mwake anakwera njinga. A Romano ankapalasa. Cacilda anakhala kumbuyo, ndege ataifunditsa nsalu ya kapulana.

Kusukulu belu linalira. Ana anaima pamzere. Makolo anaima kumbuyo. Aprofesora Paulina ananyamula rula ndi ulusi.

Ndege ya Nércio inayezedwa n'kupachikidwa. Nthawi ya Cacilda inakwana. Anavundukula kapulana.

Aprofesora anayeza duwa lamanja. Anayeza duwa lamanzere. Anavala magalasi. Anayezanso.

"Wajambula ndi chiyani?" anafunsa aprofesora.

"Ndi mbatatesi, aprofesora."

Ana anaseka. Aprofesora sanaseke.

"Zafanana," anatero. "Bweretsa tiimange."

Anamanga ulusi. Anakwera pampando. Ndege inapachikidwa kudenga. Inazungulira pang'onopang'ono. Ikapendeka, maluwa ankaoneka.

Nércio anakweza mutu.

"Chizindikiro chimenecho n'cha dziko liti?" anafunsa.

"Cha kudimba kwathu," anayankha Cacilda.

"Mazira aja ali kuti?"

"Aswa."

Nércio anakanda mutu. "Chaka chamawa udzandibwereke mbatatesi yako."

Aprofesora anatenga kope. Anasuzumira pambali pa ndege.

"Zilembo n'zazing'ono," anatero. "Ndegeyi dzina lake ndani?"

Cacilda anatembenuka. A Romano anali pakhomo, chipewa chili m'manja. Analowa. Anaima kunsi kwa ndege. Anakhosomola pang'ono.

"Páscoa," anatero.

Cacilda anawagwira dzanja.

Pobwerera anadzera kudimba. A Romano anaimitsa njinga. Anathyola duwa limodzi loyera. Analiika kukhutu kwa Cacilda.

"Amayi ako ankaliika apa," anatero.

Cacilda analigwira kuti lisagwe. Analigwira njira yonse mpaka kunyumba.