Matumba a Kutsidya

Lachiwiri m'mawa ahedi anaima pamaso pa ophunzira onse nkhope ili yakugwa. Mvula ya Lamlungu inali itakokolola mlatho wa pa msewu wochokera ku Boma kubwera ku Wenya, ndipo lole yonyamula chimanga cha sukulu inali itaima kutsidya, matumba ali pansi pa lona. Anthu a m'mudzi anali atayala mitengo iwiri pamene panali mlathopo kuti oyenda pansi aziolokerapo, koma galimoto inalibe podutsa. M'sitolo ya sukulu munali mutatsala chakudya cha masiku atatu basi.

"Chimanga chikapanda kufika pofika Lachisanu, titseka," anatero ahedi. "Aliyense azikawerengera kwawo. A Folomu 4, mayeso anu oyeserera a Lolemba tiyamba tawaiwala."

Gilbert Sichali, hediboyi wa pasukulupo, anamva kuwawa mumtima. Mayesowo anali atawakonzekera miyezi iwiri, ndipo kwawo ku Kaseye mwezi wa Malichi munthu sagwira buku, amagwira khasu. Chimene chinamunyansa kwambiri n'chakuti tsiku lomwelo, madzi atafika m'khosi chonchi, ahedi anawalowetsa mu holo kuti akamvere mlendo wodzakamba za ntchito.

Wapolisi ndi namwino amene anaitanidwa kuchokera ku Boma anali atalephera kubwera. Amene anatsala ndi Mayi Justina Nyondo, mphunzitsi wa ku yunivesite ina ya ku Blantyre, amene anafika Loweruka kudzaona mayi awo m'mudzi wapafupi. Gilbert anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali mayi wamfupi, wovala chitenje chofwifwa ndi nsapato zamatope, kakope kali m'manja. Akadakumana nawo pamsika akadawafunsa mtengo wa tomato.

"Monire mose," anatero mayiwo. Anafotokoza kuti anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu akukonza maulendo a mankhwala kuchokera padoko la Dar es Salaam mpaka m'zipatala zakumudzi. Kenako anabwerera kusukulu, ndipo tsopano amaphunzitsa za kayendetsedwe ka katundu, kuchokera kumene wapangidwa mpaka kwa womufuna.

Gilbert anatsonya. Bambo ake ndi dalaivala wa mathiraki, choncho iye ankadziona ngati anabadwira pachiwongolero. Anakweza dzanja mwaulesi.

"Amama, munayendetsapo lole?"

"Yayi, mwana wanga."

"Nanga thumba la chimanga munasenzapo?"

"Lingandigwetse pansi," anayankha akumwetulira.

Holo yonse inaphulika ndi phwete, ndipo Gilbert anakula mtima. "Adada anga ayenda msewu wa Dar zaka makumi awiri atanyamula katundu, ku yunivesite sanapondeko. Ndiye inu ana a eni mumawaphunzitsa chiyani kumeneko?"

"Adada ako ndi munthu wofunika. Popanda madalaivala mapepala anga ndi oyatsira moto," anatero Mayi Nyondo. "Ine ndimaphunzitsa kufunsa mafunso katundu asananyamuke."

"Chimanga chathu chili kutsidya uko. Mafunsowo achiolotsa?"

"Ndipatseni tsiku limodzi ndifunsefunse. Koma pa mitengo ija pasadutse munthu ndi thumba. Ndi poterera, ndipo pansi pake pali miyala."

Gilbert anatembenukira anzake n'kukweza mapewa, ngati wonena kuti mwadzionera nokha.

Lachitatu anawaona mayiwo atakhala pachitsa kuseri kwa khitchini, akucheza ndi mayi wophika n'kumalemba m'kakope kawo. Pa nthawi yopuma anawaonanso pachulu, pamene foni imagwira bwino, akulankhula ngati munthu wopanda chochita. Kwa Gilbert amenewa anali masewera enieni. Anthu akufuna kudya, wina akulemba! Ngati digiri ndi imeneyo, iye anaona kuti ndi bwino kukhala kondakitala wa minibasi.

Ataweruka, anasonkhanitsa anyamata makumi awiri kuseri kwa hostelo osawauza ahedi. "Matumba sayenda ndi cholembera, amayenda ndi khosi," anatero. "Tiyeni tikawaonetse aprofesa aja mmene ntchito imagwiridwira."

Mmodzi yekha ndiye anadodoma. Anali Innocent Mtambo, mnzake wokhala naye desiki imodzi, mnyamata wowonda amene pa masamu panalibe womuposa.

"Aise, amama aja anati tisadutsepo ndi thumba," anatero Innocent.

"Nawenso wayamba kuopa? Chabwino, tsala. Ukawagwirire kakope."

Anyamata anaseka. Innocent anavula juzi yake n'kutsatira.

Kumtsinje madzi anali ofiira, akulira ngati chigayo. Dalaivala wa lole, bambo wa ku Mulanje wotchedwa Sosten, anali atatopa n'kugona m'galimoto, ndipo sanavute. "Ngati akutumani ahedi, nyamulani achimwene, ine ndizipita kwathu," anatero. Gilbert sanawauze kuti sanatumidwe ndi aliyense.

Iye ndiye anayamba. Thumba lili paphewa, anaoloka pang'onopang'ono, zala za kumapazi zikukanirira khungwa lonyowa, mpaka analiponya pa udzu. "Mwaona?" anakuwa. "Palibe funso ngakhale limodzi!" Thumba lachiwiri linaoloka, lachitatunso. Koma phazi lililonse linkasiya matope pamitengopo, ndipo palibe amene anazilabadira.

Wachinayi anali Innocent. Anayenda mapazi atatu okha. Thumba linapendekera kumanzere, iye analikokera kumanja, ndipo phazi linachoka. Thumba linagwera m'madzi n'kupita. Innocent anagwera pa miyala ya m'mbali, dzanja lamanja lili pansi.

Kulira kwake Gilbert sadzakuiwala. A Sosten ndi anyamata awiri anamukokera kumtunda, dzanja litapindika malo osayenera kupindika. Wa njinga yamoto amene ankadikira makasitomala kutsidyako anamukweza, mnyamata wina atakhala kumbuyo kumugwirira, ulendo wa ku chipatala ku Boma.

Otsalawo anabwerera kusukulu dzuwa litapendeka, akupokezana matumba atatu aja. Atafika pachipata anaima. Pakhitchini panali ngolo zinayi, ng'ombe zikubzikula, ndipo abambo a m'mudzi ankatsitsa matumba a chimanga n'kumawasanja m'sitolo. Mayi Nyondo anali pakhomo ndi sikelo, akubaya thumba lililonse n'kumayang'ana ngati muli anankafumbwe.

"Chaolokera pati chimenechi?" anafunsa Gilbert.

"Sichinaoloke," anayankha bambo wa chipewa cha mlaza, a Cornelius Msukwa, wapampando wa kopaletivi ya alimi a m'deralo. "Ndi chathu ichi. Tinachisunga kuti tigulitse mwezi uno, ndipo wogula akudikira ku Boma, koma mlatho unatitsekera kuno. Amama awa akuti ife tipereke chathu kusukulu, lole ija ibwerere ikapereke cha sukulu kwa wogula wathu. Ahedi avomera, wogula wavomera. Ife tawonga chomene, tinasowa tulo nacho."

Gilbert anaidziwa nkhokwe ya kopaletiviyo. Inali nyumba ya malata kuseri kwa tchalitchi, ndipo ankaidutsa Lamlungu lililonse.

Mayi Nyondo anayang'ana matumba atatu amatope aja, kenako anyamatawo. Sanaseke ndipo sanakalipe. Milomo yawo inkayenda, akuwerenga mitu.

"Mlonda akuti munatuluka anyamata makumi awiri ndi mmodzi," anatero. "Awiri ali kuti?"

Onse anayang'ana Gilbert, ndipo iye anayang'ana zala za kumapazi kwake. Anafotokoza yekha, ahedi ataima pomwepo, ndipo pofika pa dzina la Innocent misozi inamutsika pamaso pa ana a Folomu 1 amene ankamuopa.

M'mawa mwake ahedi anamuvula uhediboyi pamaso pa sukulu yonse. Masana Gilbert anapeza Mayi Nyondo akutsanzikana ndi mayi wophika uja. Anaima patali, manja ali kumbuyo, mpaka anamuona.

"Amama, munadziwa bwanji za chimanga cha kopaletivi?"

"Sindinkadziwa. Ndinafunsa amama awa kuti kuno tsidya lino ndani ali ndi chimanga. Amuna awo ndi membala." Anatseka chikwama chawo. "Mphamvu uli nazo, Gilbert, ndipo anzako amakumvera. N'chifukwa chake uyenera kufunsa kuposa wina aliyense. Ukalakwa iwe, amalakwa anthu makumi awiri."

"Yewo, amama," anatero motsitsa mawu.

Sukulu sinatsekedwe. Innocent anabwera Lamlungu, dzanja lili mu chikhakha kuyambira m'zala mpaka pachigongono, ndipo adokotala anali atanena kuti likhala momwemo masabata asanu ndi limodzi. Gilbert anamuchingamira, namunyamulira chikwama, nanena pepani kangapo. Innocent anangogwedeza mutu. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

Lolemba mayeso anayamba ndi masamu. Gilbert anali ndi zonse zimene ankafuna: mimba yokhuta, desiki yake, pepala patsogolo. Koma maso ake ankangothawira kumbali, kumene Innocent ankalimbana ndi cholembera ku dzanja lamanzere, manambala akutuluka okhotakhota ngati a mwana wa Sitandade 1. Rula inkamuterereka. Kawiri konse cholembera chinagwa pansi, ndipo woyang'anira mayeso ndiye anamutolera.

Belu litalira anatuluka limodzi. Gilbert anayenda naye mpaka pansi pa mtengo wa mango asanalimbe mtima kufunsa.

"Zayenda bwanji, aise?"

"Ndayankha mafunso anayi," anatero Innocent, akuyang'ana chikhakha chake. "Otsalawo onse ndimawadziwa."